Kalimidwe ka kiwi wopirira chisanu pakhomo

Chiyambi

Anthu ambiri akamva za kiwi amaganiza za chipatso cha khungu laubweya chimene chimapezeka m'masitolo akuluakulu. Mbewu zake zidachokera ku China kupita ku New Zealand m'chaka cha 1904, ndipo kumeneko ndi kumene chidatchukira pa malonda. Koma pali mtundu wina, wotchedwa Actinidia arguta pa sayansi, umene umamera wokha m'nkhalango za ku Japan, Korea, kumpoto kwa China ndi kum'mawa kwa Russia. Zipatso zake ndi zazing'ono ngati mphesa zikuluzikulu, khungu lake ndi losalala, ndipo zimadyedwa osasenda. M'chimangirizo chino tiona mmene kiwi ameneyu amalimidwira pakhomo m'maiko ozizira a ku Ulaya ndi kumpoto kwa America. Tionetsa kuti zokolola zimadalira kwambiri zimene mlimi wakonza asanabzale.

Malire a kupirira kwake

Nyengo yozizira ikafika, chomerachi chimayoyola masamba n'kukhala ngati chagona. Pa nthawi imeneyi chimapirira kuzizira kofika madigiri 30 pansi pa ziro. Kuzizirako chimakufunanso kuti chidzaphuke bwino, n'chifukwa chake sichingachite bwino m'madera otentha chaka chonse. Vuto limabwera pamene kwayamba kufunda, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Mphukira zake zimatuluka msanga ndipo ndi zanthete, kotero kuti chisanu cha usiku umodzi chikhoza kuziwaula. Chomeracho sichifa, chimaphukanso, koma maluwa a chaka chimenecho amakhala atapita. Choncho mlimi apewe malo otsika, chifukwa mpweya wozizira umatsetsereka n'kukadikha kumeneko usiku. Malo abwino ndi okwera pang'ono, owomba dzuwa komanso otetezedwa ku mphepo.

Chachimuna ndi chachikazi

Monga zimachitikira ndi mapapaya ena, kiwi ali ndi chomera chachimuna ndi chachikazi. Chachimuna chimapereka mungu koma sichibala. Chachikazi chimabala pokhapokha njuchi kapena mphepo zitabweretsa munguwo. Chachimuna chimodzi chimakwanira zachikazi 6 mpaka 8, malinga zili pafupi ndipo zikuchita maluwa nthawi imodzi. Munthu amene wabzala chomera chimodzi chokha akhoza kudikira zaka zambiri osaona chipatso. Kubzala njere nakonso n'kutaya nthawi, popeza sungadziwe ngati mbande ndi yaimuna kapena yaikazi mpaka itachita maluwa. Ndi bwino kugula ku nazale mbande zolembedwa maina. Mtundu wachikazi wodziwika kwambiri ndi Ananasnaya, dzina la Chirasha lotanthauza kuti umafanana ndi chinanazi. Amene ali ndi malo ochepa amasankha Issai wa ku Japan, amene amatha kubala yekha, ngakhale kuti sapirira chisanu kwambiri ngati mitundu ina.

Thandala ndi dothi

Kiwi ndi chomera choyanga, ndipo chikakhazikika nthambi imodzi imatha kutalika mamita 5 kapena kuposerapo pa chaka. Chomera chachikulu chimabala makilogalamu 20 kapena kuposa. Katundu wotere amagwetsa mpanda wofooka, choncho thandala limangidwe mbande zisanabzalidwe. Alimi ambiri amazika nsanamira zotalika pafupifupi mamita 2, pamwamba pake n'kupingasapo mtanda, kenako n'kukoka mawaya kuchoka pa mtanda wina kufika pa wina. Mbande zitalikirane mamita 3 mpaka 5.

Dothi likhale lachonde ndi lolowa madzi msanga, chifukwa mizu ya kiwi imaola m'lowe. Pamene pali dothi la makande ndi bwino kubzala pa nthumbira. Mizuyi sipita pansi kwambiri, motero pamafunika kuphimbira ndi kuthirira nthawi yotentha. Feteleza wochuluka amaotcha mizu. Manyowa owolerana ndiwo abwino. Mbande zitchingidwenso ndi waya, pakuti amphaka amakopeka ndi fungo lake ndipo amazikanda ndi kuzitafuna.

Kutengulira

M'chaka choyamba mlimi asiye tsinde limodzi lowongoka, alimangirire ku kamtengo mpaka lifike pa waya. Pamenepo asiye nthambi ziwiri, ina yopita uku ina uko, kuti zikhale zokhazikika. Zipatso zimabadwa pa mphukira zotuluka pa nthambi za chaka chatha. Chifukwa cha ichi, chachikazi chimatenguliridwa nthawi yozizira chikadali chogona: nthambi zimene zabala kale zimachotsedwa, zatsopano n'kutsala. Chachimuna chimatenguliridwa maluwa akangotha. Mlimi akachedwa mpaka chomera chitadzuka, mabala ake amakha madzi kwambiri.

Kukolola

Kiwi amayamba kubala patatha zaka 3 mpaka 5, ndipo nthawi zina amachedwerapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumpoto kwa dziko lapansi zipatso zimakhwima mu Seputembala ndi Okutobala. Njere zikada, zipatso zikhoza kuthyoledwa zikadali zolimba n'kukapsera m'nyumba. Zikafewa sizikhalitsa, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene zimasowera m'masitolo, pamene wolima pakhomo amazidya zitapsa bwino.

Mphamvu ya chomerachi ili ndi kuipa kwake. Kumadzulo kwa dera la Massachusetts ku United States, kiwi wosiyidwa osasamalidwa adayanga m'nkhalango n'kuphimba mitengo yachilengedwe. Wobzala ayenera kukhala wokonzeka kumutengulira chaka ndi chaka.

Pomaliza

Taona kuti kiwi ameneyu amapirira chisanu akagona, koma mphukira zake, mizu yake ndi kaberekedwe kake zimafuna chisamaliro. Mlimi asankhe malo okwera, agule chachimuna ndi chachikazi, amange thandala lolimba, kenako abzale. Zinthu zimenezi n'zovuta kuzikonza chomera chikakula, ndipo amene wazinyozera amazindikira patapita zaka zingapo.