Gukesh, Katswiri wa Tchesi

Ambiri a inu mumadziwa bawo. Kulinso masewero ena a anthu awiri otchedwa tchesi, amene akuti adayambira ku India kalekale. Thabwa lake lili ndi timabwalo 64, toyera ndi takuda. Wosewera aliyense amakhala ndi ankhondo osema 16, monga mfumu, mfumukazi ndi akavalo. Wopambana ndi amene watsekereza mfumu ya mnzake mpaka yasowa kothawira.

Gukesh Dommaraju adabadwa m'chaka cha 2006 mumzinda wa Chennai, ku India komweko, ndipo adayamba tchesi ali ndi zaka 7. Mu 2013, mumzinda womwewo, katswiri wa kwawo, Viswanathan Anand, adagonja kwa Magnus Carlsen wa ku Norway, nalandidwa ukatswiri wa dziko lonse. Kamnyamatako kadali m'gulu la oonerera. Kadachoka pamenepo katatsimikiza mumtima kuti ulemuwo kadzaubweza ku India.

Ntchitoyo sidali yamasewera. Bambo ake, amene adali dotolo, adasiya ntchito kuti azimuperekeza ku mipikisano ya m'maiko akutali. Banja lonse lidatsala kudalira malipiro a mayi ake, ndipo nthawi zina abwenzi ankachita kusonkha ndalama za ulendo. Mphunzitsi wake, Vishnu Prasanna, sankamulola kufunsa nzeru kwa kompyuta monga ankachitira anzake. Ankafuna kuti mwanayo ayambe wazolowera kuganiza yekha. Mu 2019, ali ndi zaka 12 zokha, Gukesh adalandira dzina laulemu la Grandmaster, limene amapatsa akatswiri enieni a tchesi.

M'mwezi wa April 2024 adapambana akatswiri anzake 7 ku Toronto, m'dziko la Canada. Motero adaloledwa kukalimbana ndi Ding Liren wa ku China, amene panthawiyo adali katswiri wa dziko lonse. Awiriwa adakumana ku Singapore kumapeto kwa chakacho kuti asewere maulendo 14.

Ulendo woyamba Gukesh adagonja. Wina akadataya mtima, koma iye adabweza pa ulendo wachitatu. Adapambananso wa 11, koma mawa lake Ding adalipsira. Pofika tsiku lotsiriza, pa 12 December, palibe amene adali patsogolo. Adasewera maola angapo, ndipo oonerera adayesa kuti sipaoneka wopambana. Mwadzidzidzi Ding, atatopa, adaika wankhondo wake pamalo olakwika. Gukesh adayang'anitsitsa thabwa ngati sakukhulupirira maso ake. Posakhalitsa Ding adatambasula dzanja, kuvomera kuti wagonja.

Gukesh adaweramitsa mutu nalira misozi yachimwemwe. Asananyamuke, adayamba wabwezera ankhondo aja m'malo mwawo pathabwa, ndipo polankhula ndi atolankhani adayamika Ding chifukwa cha kulimba mtima kwake. Adali ndi zaka 18. Garry Kasparov, amene anthu ankamutama kuti adatenga ukatswiriwu ali wamng'ono, adautenga mu 1985 ali ndi zaka 22.

Mafunso
1. Kodi wopambana pa tchesi amadziwika bwanji?
2. Gukesh adaona chiyani m'chaka cha 2013?
3. N'chifukwa chiyani mphunzitsi wake sankamulola kufunsa kompyuta?
4. Fotokozani zimene zidachitika pa 12 December 2024.

Ntchito
Pangani ziganizo ndi mawu awa: tsekereza, sonkha, lipsira, taya mtima.