NJINGA ZA ANTHU ONSE: PHUNZIRO LA KASUNGIDWE KA CHUMA CHA GULU

M'mizinda yambiri ya ku Ulaya, ku America ndi ku Asia muli njinga zapalasa zimene si za munthu mmodzi ayi. Zimaimikidwa m'mbali mwa misewu, ndipo munthu aliyense angathe kutengapo imodzi, napita nayo kuntchito kapena kumsika, n'kukaisiya kuti wina aikwerenso. Cholinga chake n'chabwino ndithu: wosowa njinga apeza pokwera, magalimoto achepa pamsewu, ndi utsi womwe uchepa mumzinda. Komabe mizinda ina inayesa ntchitoyi niilephera, pamene ina inaikhoza. Nanga kusiyanaku kwachokera kuti? Funso limeneli liyenera Akhristu, pakuti nawonso asunga zinthu zambiri zimene mwini wake ndi gulu.

1. Chiyambi chake

M'chaka cha 1965, mumzinda wa Amsterdam, gulu la achinyamata lotchedwa Provo linapaka njinga zowerengeka utoto woyera, n'kuzisiya pamsewu zosakhoma. Mwini nzeruyo anali Luud Schimmelpennink. Iwo anafuna kuti munthu akwere popanda kulipira ndi popanda kufunsa wina aliyense. Koma njingazo sizinakhalitse, pakuti apolisi anazichotsa, ndipo akuluakulu a mzindawo anakana kuchirikiza ganizolo.

Patapita zaka, mu 1993, mzinda wa Cambridge ku England unayesanso chimodzimodzi ndi njinga zobiriwira pafupifupi 300. Posakhalitsa njingazo zinazimirira, ntchitoyo niithera pomwepo. Apa panaoneka poyera kuti mtima wabwino wa wopereka sukwanira pawokha kusunga chinthu. Njinga yopanda woiyang'anira, imene woitenga sadziwika dzina, imakhala chiyeso kwa munthu wofooka.

2. Chikole ndi dzina

Anthu a ku Copenhagen anapezapo nzeru. Mu 1995 anayamba ntchito yotchedwa Bycyklen. Njinga zawo zinali zolemera, ndipo zitsulo zake sizinali kulowa pa njinga zina, kuti wakuba asapindule nazo. Wofuna kukwera anali kuponya ndalama yachitsulo ya 20 kroner ngati chikole, n'kuilandiranso pobweza njingayo. Zinthu zinakhalako bwino, koma kuba sikunathe, chifukwa chikolecho chinali chochepa poyerekeza ndi mtengo wa njinga, ndiponso wokwerayo anali wosadziwikabe.

Kusintha kwenikweni kunadza pamene makina anayamba kulemba dzina la wokwera. Mzinda wa Rennes ku France unatero mu 1998, Lyon mu 2005, ndipo Paris inatsegula ntchito yake yotchedwa Vélib' pa 15 July 2007. London inatsatira mu 2010, New York mu 2013. M'mizinda imeneyi njinga imakhomedwa pamalo ake okonzedwa, ndipo siimasuka mpaka munthu atadzidziwitsa ndi khadi kapena ndi lamya ya m'manja. Akapanda kuibweza, mlandu ndi wake. Mtengo unaikidwanso mwanzeru: ku Paris mphindi 30 zoyamba zinali zaulere kwa wolembetsa, koma wochedwa nayo anali kulipira mowonjezereka, kuti njinga isakhalitse m'manja mwa munthu mmodzi anzake akuyembekeza.

3. Alipira ndani?

Ngakhale zinatero, mavuto sanathe. Pa zaka ziwiri zoyamba, njinga zikwi zambiri za ku Paris zinabedwa kapena kuonongedwa, ndipo zina zinavuulidwa mumtsinje wa Seine. Tsono njinga yokweredwa ndi anthu ambiri tsiku limodzi ifuna mmisiri masiku onse: matayala aphwa, tcheni chiduka, mabuleki atha, chishalo ching'ambika.

Palinso vuto lina limene oyambitsa ntchito yotere saliganizira kawirikawiri. Anthu akonda kutsetsereka koposa kukwera chitunda. M'mawa onse alinga kumene kuli ntchito, madzulo onse abwerera kumene agona. Motero malo ena adzaza, wobweza n'kusowa poika, pamene ena atsala opanda njinga ndi imodzi yomwe. N'chifukwa chake pafunika magalimoto ndi antchito onyamula njinga kuzibwezera kumene zasowa. Ku Paris anafika popatsa mphindi 15 zaulere munthu wobweza njinga pamalo a kumtunda.

Zonsezi zidya ndalama, ndipo m'mizinda yambiri zimene okwera alipira sizikwanira. Ku Paris kampani ya JCDecaux inasenza mtolowo posinthana ndi chilolezo choika zikwangwani zotsatsa malonda mumzinda. Ku London banki ya Barclays, ndipo kuyambira 2015 ya Santander, inalipira kuti dzina lake lilembedwe pa njinga. Ku Montreal kampani yoyendetsa njinga za Bixi inagwa m'ngongole mu 2014, mzinda niulowererapo, n'kupereka ntchitoyo kwa bungwe losafuna phindu. Ku Seattle ntchito ya Pronto, yoyamba mu 2014, inatsekedwa mu 2017. Ku Melbourne yoyamba mu 2010 inatsekedwa mu 2019. M'mizinda iwiriyi munali lamulo lakuti wopalasa avale chisoti choteteza mutu, ndipo munthu wofuna ulendo wadzidzidzi sayenda ndi chisoti m'manja.

Choonadi chake n'chakuti njinga za onse zifanana ndi mlatho kapena chitsime cha mudzi: phindu lake lioneka pa moyo wa anthu, si m'thumba la mwini malonda ayi.

4. Manda a njinga

Dziko la China linaonetsa mbali ina. Kumeneko kunabuka makampani monga ofo ndi Mobike, amene njinga zawo sizinali kufuna malo okhomera. Munthu anali kuimasula ndi lamya, n'kuisiya paliponse. Popikisana, makampaniwo anathira njinga m'misewu mopyola muyeso, kufikira zinatseka njira za oyenda pansi. Mu 2017 ndi 2018 akuluakulu a mizinda anazisonkhanitsa m'mabwalo, zinaunjikana milumilu, ndipo anthu anatcha malowo manda a njinga. Mu December 2018 anthu oposa 10 miliyoni anali pamndandanda wofuna kubwezeredwa chikole chawo ndi kampani ya ofo. Chaka chomwecho kampani ya oBike inatseka ntchito ku Singapore isanabweze zikole za anthu, ndipo Mobike inachoka ku Manchester chifukwa cha kuba ndi kuononga.

Ku Cambridge tchimo linali la okwera. M'nkhani ya zikole zosabwezedwa linali la osunga. Woyang'anira chuma cha anthu ayenera kukhala wokhulupirika monga momwe wobwereka ayenera kukhalira.

5. Eklezia aphunzitsa zotani?

Eklezia aphunzitsa kuti Mulungu analenga zabwino za dziko lapansi kuti zithandize anthu onse. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unabwereza chiphunzitsochi m'kalata ya Gaudium et Spes mu 1965, chaka chomwe chija cha njinga zoyera za ku Amsterdam. Papa Francis nayenso, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anadandaula za kuchuluka kwa magalimoto m'mizinda ndi kuvutika kwa anthu pa maulendo. Choncho ganizo logawana njinga si lachilendo kwa Mkhristu.

Koma Eklezia adziwanso mtima wa munthu. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anafotokoza kuti munthu asamala kwambiri chinthu chimene chapatsidwa kwa iye kusiyana ndi cha onse, chifukwa pa cha onse aliyense asiyira mnzake ntchito. Ndiponso kuti zinthu ziyenda mwadongosolo pamene aliyense adziwa gawo limene ayang'anira. Anaonjeza kuti pogwiritsa ntchito chumacho munthu asachiyese chake yekha, koma akhale wokonzeka kugawana ndi osowa.

Buku la Ntchito za Atumwi lisimba zomwezo. Akhristu oyamba a ku Yerusalemu anali kuika chuma chawo pamodzi, komabe Ananiya ndi Safira ananyenga, ndipo pambuyo pake panabuka dandaulo lakuti amasiye ena anali kuiwalika pa kagawidwe ka chakudya. Atumwi sanathetse kugawanako ayi. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, mmodzi mwa iwo Stefano, kuti ayang'anire ntchitoyo. Chikondi chinafuna dongosolo kuti chisafe.

Nkhani ya amasiye aja ikhudzanso njinga. Pamene mzinda ufuna khadi la ku banki kapena lamya yamakono, wakuba achepa, koma mmphawi wopanda zimenezi atsala kunja, chonsecho ndiye amene asowa njinga koposa onse. Dongosolo labwino litchinga wakuba osatsekera wosauka.

6. Pa parishi ndi pa mphakati

Akhristu ali nazo zawo za gulu: njinga ya katekisiti yoyendera kunthambi, mabuku a nyimbo, mapoto a pamaliro, mabenchi, mjigo wa pamudzi, thumba la mphakati. Zimene mizinda ija inaphunzira ndi ndalama zambiri, iwo angathe kuziphunzira kwaulere.

Choyamba, chinthu chilichonse cha gulu chikhale ndi msungi wodziwika, wosankhidwa poyera. Chachiwiri, wobwereka alembedwe dzina m'kabuku pamodzi ndi tsiku lobwezera. Kulemba dzina si kunyoza munthu, koma kum'thandiza pa chiyeso. Chachitatu, tsiku logula njinga likhalenso tsiku loyamba kusonkha za chubu ndi tcheni, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachinayi, msungiyo aziwerengera anthu za ndalama pa nthawi yake. Chachisanu, wosauka asamanidwe chifukwa chosowa chikole. Mphakati ungathe kumuimira.

Makatekisiti akumbutse anthu kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, siliteteza chuma cha munthu mmodzi chokha. Mawu akuti "n'za boma" kapena "n'za mpingo" sachotsa tchimo. Wobweza njinga yothyoka mwakachetechete, osaulula, wabera m'bale wake amene adzaifuna usiku kukaitanira wansembe kwa wodwala. Ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene anaononga kapena kusunga cha gulu ali ndi udindo wobweza monga angathere, ndipo aikumbukire nkhaniyi pokonzekera sakramenti la kulapa.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Chifukwa ninji njinga za ku Cambridge zinatha msanga, pamene za ku Paris zinapitirira?
2. Atumwi anachitanji pamene amasiye ena anaiwalika?
3. Ndi zinthu ziti za gulu zimene zili pa nthambi ino, ndipo msungi wa chilichonse ndani?
4. Mphakati ungachitenji kuti wosowa chikole asamanidwe kubwereka?