Kusankha Ndodo Zopinda Zokwerera Mapiri ndi Zoyendera pa Chipale Chofewa

Pokwera phiri amatopa ndi mapapo, koma potsika amalira ndi mawondo. Aliyense amene anatsikapo ndi chikwama kumsana kuchokera ku Chambe mpaka pa Likhubula, m'phiri la Mulanje, amazidziwa zimenezi. Ndodo ziwiri zoyendera zimapepuza mawondo chifukwa mikono imasenzako kulemera kwa thupi ndi katundu, komanso zimakuchirikizani pa matope, pa miyala yoterera ndiponso powoloka mitsinje. Musanatulutse ndalama, yambani mwaganizira kumene mudzayende nazo, chifukwa ndodo yoyenera ku Mulanje sikuti nthawi zonse ingakuthandizeni pa chipale chofewa cha ku Scotland kapena ku Alps.

Zolowetsana ndi zopinda

Ndodo zolowetsana zimakhala ndi zigawo ziwiri kapena zitatu, china cholowa m'chinzake. Za zigawo zitatu mukazifupikitsa zimatsala masentimita pafupifupi 60 mpaka 65. Zopinda zimakhala ndi zigawo zitatu zolumikizidwa ndi chingwe cholimba chodutsa m'kati, monga zimakhalira ndodo za tenti. Mukakoka chigawo chapamwamba, zonse zimalowana, kabatani n'kutseka. Zikapindidwa zimangotsala masentimita 35 mpaka 40, moti zimalowa bwinobwino m'chikwama kapena mu sutikesi.

Phindu lake limaonekera pa malo ngati Sapitwa, nsonga ya Mulanje yotalika mamita 3,002. Chakumapeto kwa njirayo kuli miyala ikuluikulu pomwe munthu amakwera chokwawa ndi manja onse awiri, kwina n'kudutsa m'mipata yothina. Ndodo yaitali yomangirira kunja kwa chikwama imakodwa m'nthambi ndi m'miyala, pamene yopinda mumangoiponya m'kati n'kumapitirira.

Utali wake

Valani nsapato zomwe mumayendera, imani pamalo osatsetsereka, ndipo gwirani ndodo nsonga yake itagunda pansi. Chigongono chanu chipindike madigiri 90. Mukhozanso kuchulukitsa msinkhu wanu ndi 0.68: munthu wamtali masentimita 170 amafunika ndodo ya masentimita pafupifupi 115.

Ndodo zopinda zina zili ndi utali umodzi wokha, monga 110, 120 kapena 130. Zimenezi n'zopepuka kwambiri, koma sizisinthika. Zina zili ndi kotsekera kamodzi pamwamba komwe kamalola kuwonjezera kapena kuchepetsa masentimita 15 mpaka 20. Kwa oyenda m'mapiri otsetsereka, zosinthikazi ndiye zabwino: pokwera mumazifupikitsa ndi masentimita 5 mpaka 10, potsika n'kuzitalikitsa chimodzimodzi. Ndi zothandizanso ngati pakhomo mudzabwerekana anthu osiyana misinkhu.

Aluminiyamu kapena kaboni

Kaboni ndi wopepuka koma wodula, ndipo ndodo yake ikapanikizika mu mng'alu wa mwala inu n'kuigwera, imathyoka kamodzin'kamodzi. Aluminiyamu amalemererako pang'ono, koma nthawi zambiri amangopindika, ndipo mutha kumuwongolako n'kukafika kunyumba. Ngati mumasenza katundu wolemera kapena mumayenda m'njira za miyala, kutali ndi sitolo yomwe ingakugulitseni chigawo china, sankhani aluminiyamu.

Chogwirira, lamba ndi nsonga

Chogwirira cha cork chimamwa thukuta, choncho n'choyenera kotentha. Cha siponji n'chofewa ndi chopepuka. Cha labala chimateteza manja kozizira, koma kotentha chimatulutsa matuza. Povala lamba, lowetsani dzanja kuchokera pansi kenako gwirani lambayo pamodzi ndi chogwirira, kuti dzanja litsamire pa lamba ndipo zala zisatope. Nsonga ikhale ya chitsulo cholimba cha carbide, yotheka kusintha ikaperepeseka. Tizivundikiro ta labala ndi ta pa tala ndi m'chikwama basi. Pa mwala wonyowa ndi pa matope muzitichotsa.

Pa chipale chofewa

Ku mapiri a Cairngorms ku Scotland, kapena pa njira ya Haute Route yochokera ku Chamonix kukafika ku Zermatt, anthu amakwera mapiri atavala ma ski, timatabwa tatitali totsetserekera pa chipale. Pansi pake amamata nsalu zaubweya zoletsa kubwerera m'mbuyo, akafika pamwamba n'kuzimatula, n'kutsika motsetsereka. Ndodo ya ntchito imeneyi imafunika kambale kakakulu kumunsi, ka masentimita pafupifupi 10, apo ayi imangomira. Tsimikizani kuti kambale ka ndodo yanu n'kochotseka, chifukwa zopinda zina zopepuka sizilola kusintha.

Ikhalenso yosinthika utali, yaitali pokwera ndi yaifupi potsika. Chogwirira chake chitalikire m'munsi kuti podutsa cham'mbali mwa phiri, dzanja la kumtunda lizigwira chapansi. Kotsekera kakhale kamene mungatsegule mutavala magolovesi, popeza timabatani ting'onoting'ono timagwidwa ndi ayezi. Pa zifukwa zimenezi, ambiri oyenda pa ski amakonda ndodo zolowetsana za zigawo ziwiri, zomwe n'zolimba potsika. Zopinda zimayenera makamaka oyenda pa splitboard (thabwa lotsetserekera lomwe amaligawa pawiri pokwera), omwe potsika amasunga ndodo m'chikwama. Pamalo pomwe chipale chingagumuke, musavale lamba, chifukwa ndodo yomangika kudzanja imatha kukukokerani pansi.

Musanalipire ndi mukagula

Iwongoleni ndodoyo, itsekeni, kenako itsamireni ndi thupi lonse. Isatsike, ndipo polumikizira pasagwedere. Ngati ndi ya pa kaunjika, yang'anani ming'alu m'mphepete mwa zigawo zonse, ndipo onani ngati chingwe cham'kati sichinanyotsoke. Pokwera ndege, ikani ndodo m'katundu wopita kunsi, chifukwa mabwalo ambiri sazilola m'chikwama cha m'manja. Mukabwera ku ulendo, tsukani matope, siyani zigawo zili zomasula kuti ziume, ndipo musapake mafuta pa zotsekera, chifukwa zimayamba kuterera.

Kwa woyenda ku Mulanje, ku Zomba kapena ku Nyika, ndodo zopinda za aluminiyamu zosinthika utali n'zokwanira. Ngati mukufuna ndodo zomwezo zidzagwirenso ntchito pa chipale, musagule zopanda kambale kochotseka ndi chogwirira chachitali. Koma ngati ski ndiye cholinga chanu chenicheni, gulani zolowetsana za zigawo ziwiri.