Pulogalamu Ikamangodzitseka pa Gentoo ndi Linux From Scratch: Mafunso ndi Mayankho

Kabukuka n'ka anthu amene amadzimangira okha Linux kuchokera ku source code, amene afika poti desktop yayamba kuoneka bwinobwino koma mapulogalamu ena akumafa akangowatsegula, kapena ali mkati mogwira ntchito. Zitsanzo zambiri n'za Gentoo, ngakhale kuti njira zake zimathandizanso pa Linux From Scratch.

N'chifukwa chiyani pulogalamu yomwe imayenda bwino pa Ubuntu ikufa pa kompyuta yanga?

Pa Ubuntu kapena Fedora, Firefox amene muli naye ndi yemweyo amene ali pa makompyuta a anthu ena ambirimbiri. Anamangidwa kamodzi, ndi compiler imodzi, pamodzi ndi malaibulale odziwika. Pakakhala vuto, kawirikawiri ena amakumana nalo inu musanafikepo.

Gentoo, imene inayambitsidwa ndi Daniel Robbins ndipo mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2002, siyenda choncho. Portage, pulogalamu yake yosamalira mapukusi, imatenga source code n'kuimangira pa kompyuta yanu potsatira zimene munalemba mu /etc/portage/make.conf: ma CFLAGS anu, ma USE flag anu ndi mtundu wa purosesa yanu. Linux From Scratch, buku limene Gerard Beekmans analiyamba mu 1999, ndiye imakusiyirani zonse m'manja, chifukwa ilibe n'komwe pulogalamu yosamalira mapukusi. Ndiye kuti kasakanizidwe ka zinthu kamene muli nako n'kutheka kuti palibenso wina anakayesapo. Walira mvula walira matope. Komabe inu muli ndi mwayi umene wa Ubuntu alibe pafupi: source code ili pomwepo, compiler ili pomwepo, ndipo mungathe kusintha chinthu chimodzi n'kuona ngati vuto latha.

Ndiyambire pati?

Yambirani pa terminal. Mukatsegula pulogalamu podina chizindikiro chake, mawu amene imalemba ikamafa simuwaona. Lembani dzina lake pa terminal, muisiye ife, muwerenge mizere yomaliza, kenako mulembe `echo $?`. Nambala imene ituluke imanena zambiri. Pulogalamu ikaphedwa ndi signal, shell imaphatikiza nambala ya signalyo ndi 128.

Mukaona 139, imeneyo ndi signal 11, Segmentation fault: pulogalamu inagwira malo a memori amene sinaloledwe kugwira. Nambala 132 ndi signal 4, Illegal instruction, kutanthauza kuti purosesa yapatsidwa lamulo limene silidziwa. Nambala 134 ndi signal 6, ndipo apa pulogalamu yadziimitsa yokha itaona kuti china chake sichili bwino. Nthawi zambiri imasiya mzere wofotokoza chifukwa. Nambala 137 ndi signal 9. Ngati simunaiphe ndinu, kawirikawiri ndi kernel imene yaipha RAM itatha, ndipo mu `dmesg` mupezamo mawu akuti "Out of memory".

Muzitsegula `dmesg` nthawi zonse. Pa Segmentation fault, kernel imalemba mzere wotchula fayilo imene ngoziyo yachitikira. Mudzadabwa kuti nthawi zambiri dzina lotchulidwa si la pulogalamu yanuyo ayi, koma la laibulale ina. Mzerewo ukanena kuti "segfault at 0", pulogalamu inatsatira pointer yopanda kanthu.

Pomaliza dzifunseni kuti chasintha n'chiyani. Fayilo ya /var/log/emerge.log imasunga zonse zimene Portage inaika ndi nthawi yake. Ngati pulogalamu inkayenda Lachiwiri n'kuyamba kufa Lachinayi, wolakwa ali pa zimene zinaikidwa pakati pa masiku amenewo.

Bwanji osangomanganso zonse ndi `emerge -e @world`?

Ambiri amathamangira kumeneko, koma ine sindilimbikitsa. Pa kompyuta ya desktop ntchito imeneyi ingadye tsiku lathunthu kapena kuposa, makamaka ngati muli ndi Chromium, LibreOffice kapena QtWebEngine. Ngati vuto lili mu CFLAGS, mudzamanganso vuto lomwelo. Likapezeka kuti latha, simudzadziwa chimene chalithetsa, ndipo likadzabweranso mudzayambira pomwe munayambira. Kumanganso zonse kuli ndi nthawi yake, monga pamene mwasintha `-march` ya kompyuta yonse, koma si poyambira.

Kodi ma CFLAGS anga angakhaledi olakwa? Inetu ndimangofuna liwiro.

Angakhale, ndipo pano m'pofunika kudekha. Zimene Gentoo imalangiza ndi `-O2 -pipe` pamodzi ndi `-march` yoyenera. Anthu amawonjezera `-O3`, `-Ofast`, `-ffast-math` kapena LTO pa mapukusi onse poganiza kuti kompyuta iuluka. Choopsa kwambiri ndi `-ffast-math`, imene imabweranso mkati mwa `-Ofast`: imalola compiler kuganiza kuti masamu sadzatulutsa NaN kapena infinity, choncho mizere imene wolemba pulogalamu anaika kuti igwire zoterezi ikhoza kuchotsedwa mwakachetechete.

Nthawi zina compiler silakwa, koma imavumbula cholakwika chimene chinabisala zaka. GCC 6 itatuluka mu 2016, inayamba kutenga kuti pointer ya `this` mu C++ singakhale yopanda kanthu, monga momwe malamulo a chinenerocho amanenera, ndipo inkachotsa mizere yofufuza zimenezo. Qt 5, Chromium ndi KDevelop anali ndi code yodalira mizere yoteroyo, ndipo anayamba kufa. Poyembekeza kuti eni ake akonze, anthu ankamanga ndi `-fno-delete-null-pointer-checks`. Tikuonapo kuti pulogalamu imene inkayenda bwino ndi compiler yakale ikhoza kufa ndi yatsopano, inu musanasinthe chilembo n'chimodzi chomwe.

Palinso `-march=native`, imene imauza GCC kuti imange molingana ndi purosesa imene ikumangirayo. Palibe vuto ngati pulogalamuyo ikhala pomwepo. Koma mukamangira pa kompyuta yatsopano yokhala ndi AVX2, imene Intel anayamba kuika mu mapurosesa a Haswell mu 2013, n'kusamutsira hard disk kapena mapukusi ku laputopu yakale, mudzalandira Illegal instruction, ndipo `dmesg` idzalemba kuti "invalid opcode". Mankhwala ake n'kumanganso ndi `-march` imene purosesa yakaleyo imaimva.

Poyesa, musasinthe make.conf yonse. Pangani fayilo mu /etc/portage/env yokhala ndi `CFLAGS="-O2 -pipe"` ndi CXXFLAGS zofanana, muitchule mu /etc/portage/package.env pafupi ndi dzina la phukusi limene mukulikayikira, ndipo mumange lokhalo ndi `emerge --oneshot`. Musaiwale laibulale imene `dmesg` inatchula ija.

Ikunena kuti "error while loading shared libraries" kapena "undefined symbol". Zikutanthauza chiyani?

Pulogalamu inamangidwa modalira laibulale ina imene tsopano kulibe, kapena yasintha. Lembani `ldd` ndi njira yonse ya pulogalamuyo, muone mzere uliwonse wonena kuti "not found". Pa Gentoo, Portage imasunga laibulale yakale kufikira mutayendetsa `emerge @preserved-rebuild`, ndipo imakukumbutsani kumapeto kwa ntchito, pamalo pamene ambiri sawerenga. Palinso `revdep-rebuild` ya mu gentoolkit. Pa Linux From Scratch palibe wokukumbutsani. Mukakweza laibulale monga ICU, imene nambala ya fayilo yake imasintha ndi mtundu uliwonse waukulu, ndi udindo wanu kumanganso zonse zoidalira.

Muonetsetsenso malo amene `ldd` ikutengako fayilo iliyonse. Laibulale yakale imene munaika pamanja mu /usr/local/lib n'kuiwala ikhoza kutengedwa m'malo mwa yoyenera, ndipo mukhoza kumanganso kakhumi osaona kusintha.

Dzina la symbol yosowayo likakhala ndi mawu akuti `__cxx11`, nkhani yake inayamba ndi GCC 5 mu 2015, pamene libstdc++ inasintha kapangidwe ka `std::string`. Zikhoza kutanthauza kuti mwasakaniza zinthu zomangidwa mwa njira yakale ndi za njira yatsopano.

Pulogalamu imatseguka bwino, koma imafa ndikangofuna kutsegula kapena kusunga fayilo.

Ili ndi vuto lodziwika la mapulogalamu a GTK, makamaka kwa amene akutsatira Beyond Linux From Scratch. Kawirikawiri code ilibe mlandu. Chasowa ndi mafayilo ang'onoang'ono amene amayenera kupangidwa phukusi likaikidwa. Mukaona uthenga wonena za GSettings schemas, yendetsani `glib-compile-schemas /usr/share/glib-2.0/schemas`. Mukaona kuti yalephera kuwerenga kachithunzi, mwina kotchedwa image-missing, yendetsani `gdk-pixbuf-query-loaders --update-cache` ndi `update-mime-database /usr/share/mime`, ndipo muone ngati librsvg ndi zizindikiro za Adwaita zilipo. GTK imadziimitsa yokha ikasowa zinthu zimenezi, ngakhale zikuoneka zachabechabe.

Mapulogalamu a Qt ali ndi kudandaula kwawo. Akanena kuti sangathe kukweza platform plugin ya xcb kapena wayland, ayambitseni ndi `QT_DEBUG_PLUGINS=1` kutsogolo, ndipo adzatchula fayilo imene yakanika. Akanena kuti "Cannot mix incompatible Qt library", zigawo za Qt zili pa mitundu yosiyana, mwina chifukwa ntchito yokweza inaima pakati. Imalizeni.

Pa Gentoo yoyenda ndi OpenRC, onaninso ngati D-Bus ya session yanu ikuyenda komanso ngati `XDG_RUNTIME_DIR` ili ndi kanthu. Amene amayambitsa window manager pamanja popanda elogind kapena `dbus-run-session` amakumana ndi zimenezi.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto ndi la khadi ya zithunzi?

Ichotseni panjira kwa kanthawi. Kwa amene amagwiritsa ntchito Mesa, `LIBGL_ALWAYS_SOFTWARE=1` imachititsa kuti purosesa ijambule yokha. Pulogalamu ikasiya kufa, yang'anani `VIDEO_CARDS` mu make.conf, mtundu wa Mesa ndi LLVM, komanso firmware ya khadiyo. Ngati muli pa Wayland, yesani `GDK_BACKEND=x11` kapena `QT_QPA_PLATFORM=xcb`. Amene ali ndi khadi ya NVIDIA akumbuke `emerge @module-rebuild` akamanga kernel yatsopano, komanso kuyambitsanso kompyuta akakweza driver. Mawu akuti "API mismatch" mu `dmesg` amatanthauza kuti gawo la mu kernel ndi la kunja sizikugwirizana.

Nanga ma browser okha ndi amene akufa, zina zonse zili bwino?

Kayikirani sandbox. Chromium, Firefox ndi mapulogalamu a Electron amadzitsekera mkati mwa mpanda pogwiritsa ntchito seccomp ndi ma namespace a kernel. Ngati munadzikonzera kernel n'kuchotsa `CONFIG_SECCOMP` kapena `CONFIG_USER_NS` pofuna kuichepetsa, zibwezereni. Mpandawu umathanso kukana zinthu zatsopano zimene suzidziwa: glibc 2.34 itatuluka mu 2021 n'kuyamba kugwiritsa ntchito `clone3`, mapulogalamu a Electron akale analephera kuyenda kufikira atakonzedwa. `--no-sandbox` ya Chromium ndi Electron ndi yoyesera chabe. Musamayende nayo pa intaneti tsiku ndi tsiku, chifukwa imachotsa chitetezo chenicheni.

Ndipo ngati munakweza browser ili yotsegula, itsekeni yonse n'kuitsegulanso musanakayikire china chilichonse.

Ndayesa gdb, koma ikungotulutsa zizindikiro za mafunso.

Ndi chifukwa choti maina a ma function anachotsedwa pomanga. Portage imawachotsa pofuna kuchepetsa mafayilo, ndipo buku la Linux From Scratch lilinso ndi gawo lochita zomwezo. Pa Gentoo, pangani fayilo ina mu /etc/portage/env yowonjezera `-ggdb` ku CFLAGS ndi CXXFLAGS, komanso `splitdebug` ku FEATURES. Mangani pulogalamuyo ndi malaibulale amene akuoneka mu backtrace, glibc ndi GLib kapena Qt zili m'gulu lomwelo. Maina aja adzasungidwa mu /usr/lib/debug, ndipo gdb imawapeza yokha.

Kenako lembani `gdb --args` ndi dzina la pulogalamu, mulembe `run`, muchite chimene chimaipha, ndipo ikafa mulembe `thread apply all bt full`. Werengani kuchokera pamwamba pa thread imene yafayo, mudumphe mizere ya `abort` ndi `raise`, mufike pa dzina loyamba la laibulale kapena pulogalamu yeniyeni. Ngati imafa mwa apo ndi apo, lolani core dump ndi `ulimit -c unlimited`. A systemd ali ndi `coredumpctl`.

Chenjezo limodzi: USE flag ya `debug` si imene imabweretsa mainawa. Imayatsa macheke amkati a olemba pulogalamu, ndipo ikhoza kuchititsa kuti pulogalamu izifa kwambiri kuposa kale.

Mapulogalamu osiyanasiyana akumafa nthawi zosiyanasiyana, ngakhale GCC imene.

Apa siyani kaye kukayikira code. Cholakwika cha mu pulogalamu kawirikawiri chimabwerera pamalo amodzimodzi. GCC ikafa pa fayilo ina, n'kudutsa bwinobwino pomwepo mukayesanso, kenako n'kufera pena, kayikirani RAM, kutentha kapena overclocking. Yendetsani Memtest86+ usiku wonse, onani kutentha ndi `sensors` pamene mukumanga, ndipo bwezerani makonzedwe a BIOS momwe analili. Kumanga mapukusi kumapanikiza kompyuta kuposa ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake RAM yofooka imaonekera kumeneku. Pulogalamu imene inamangidwa RAM ili yoipa ikhoza kukhala yowonongeka ngakhale mutasintha RAM, choncho imangeninso.

Ngati ndi nambala 137 imene ikubwera pomanga, chepetsani `-j` mu MAKEOPTS. Malangizo a Gentoo amawerengera pafupifupi 2 GiB ya RAM pa ntchito iliyonse. Magetsi akazima Portage ili mkati moika mafayilo, yendetsani `equery check` pa phukusilo.

Kodi makonzedwe anga a mu home angakhale olakwa?

Inde. Pangani user watsopano n'kuyesa kumeneko. Ikayenda, sunthani foda ya pulogalamuyo ya mu ~/.config ndi ~/.cache. Isintheni dzina, osaifufuta.

Zonse zakanika. Ndikanene kwa ndani, ndipo nditenge chiyani?

Choyamba dzipulumutseni: tsekani mtundu wovutawo mu /etc/portage/package.mask kuti mubwerere ku wakale. Kuyambira mu December 2023 Gentoo imaperekanso mapukusi omangiratu, ndipo ndi othandiza poyerekeza: phukusi lomangiratu likayenda pamene lanu likufa, vuto lili pa kamangidwe kanu.

Vuto likapitirira ngakhale ndi `-O2 -pipe`, kalembeni ku Bugzilla ya Gentoo, mutafufuza kaye ngati wina sanalembe kale. Ikanipo zimene `emerge --info` yatulutsa pa phukusilo, backtrace yokhala ndi maina, mzere wa mu `dmesg`, ndi ndondomeko yoti munthu wina atsatire kuti aone pulogalamu ikufa. Ngati munagwiritsa ntchito ma flag achilendo, nenani poyera. Core dump musaitumize pagulu, chifukwa imakhala ndi zonse zimene zinali mu memori ya pulogalamu, kuphatikizapo mapasiwedi. Ambiri mwa amene adzawerenge lipoti lanu amagwira ntchitoyi mongodzipereka, choncho apatseni zonse pa ulendo woyamba kuti asachite kukufunsani kachiwiri.