PHUNZIRO LA PAKHOMO: Tisanagule Sinki, Madzi Ake Adzapita Kuti?

Tiwerenge: Luka 14:28-30, Deuteronomo 23:12-14

Amayi anzathu mwa Ambuye, mabanja ambiri kuno ku Chigwa cha Shire tikumanga nyumba za njerwa zootcha ndi malata. Ntchito ikafika pa khitchini, mtima umalakalaka sinki yonyezimira ngati zomwe timaziona m'masitolo a ku Blantyre. Kulakalaka kotere si tchimo. Koma pa Luka 14 Ambuye Yesu akutiphunzitsa kuti womanga aziyamba wakhala pansi n'kuwerengera zonse. Tiyeni tiwerengere limodzi.

1. Madzi adzachokera kuti?

Pa Boma la Chikwawa, ku Nchalo, ku Ngabu ndi pa Boma la Nsanje pali nyumba zolandira madzi a m'mipopi a Southern Region Water Board. Koma ambirife timatunga pa mjigo. Ngakhale zili choncho, sinki ikhoza kutithandiza ngati tiika pamwamba pake ndowa yovindikira yokhala ndi kampopi. Sinki ya mabeseni awiri ndiyo yosunga madzi: kwina kotsukira ndi sopo, kwina kotsukuluzira.

2. Madzi akuda adzapita kuti?

Ili ndilo funso lalikulu, ndipo ambiri amalikumbukira sinki atamangira kale. Paipi ikangotulukira kuseri kwa khoma, pamakhala chithaphwi. Pamenepo ntchentche zimasonkhana, udzudzu woyambitsa malungo umaswana, ana amaseweretsa matope, ndipo maziko a nyumba amafewa.

Tisaiwale zomwe tinaona. Namondwe Ana atawononga mu Januwale 2022 ndi Gombe mu Malichi chaka chomwecho, kolera inabuka, ndipo Nsanje linali limodzi mwa maboma oyamba kukhudzidwa. Pofika mu 2023 anthu oposa 1,700 anali atamwalira m'dziko muno. Kolera imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo ntchentche ndi mbale zosatsukidwa bwino zimathandizira.

Choncho tikumbe dzenje lomwera madzi, lakuya pafupifupi mita imodzi, tidzaze miyala ndi zidutswa za njerwa, tivindikire. Likhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo. Kumene kuli dothi la makande, monga madera ena a Ngabu, madzi salowa pansi msanga. Kumeneko ndi bwino kulondolera paipi ku phando la nthochi kutali ndi khoma. Tisanatsuke, tizipala mkute ndi mafuta m'mbale, chifukwa izi ndizo zimatseka paipi ndi dzenje lomwe.

3. Sinki yamtundu wanji?

M'madera ambiri a kuno madzi a pa mjigo ndi amchere. Mchere umadya chitsulo chopyapyala, ndipo posachedwa dzimbiri limaoneka. Pogula sinki yachitsulo tigogode ndi chala: ikamalira ngati chitini, ndi yopyapyala. Tikamaliza kutsuka tiziipukuta kuti iume. Sinki ya simenti imalimba ndipo mmisiri wa kwathu konkuno akhoza kuiumba, koma ikhale yosalala, popeza m'ming'alu mumabisala litsiro.

Pansi pa sinki pakhale paipi yopindika ija yosunga timadzi, yomwe imatchinga fungo ndi mphemvu kuti zisabwerere m'nyumba. Mmisiri akamamanga, mayi wotsuka akhalepo ayeze msinkhu wake, kuti asamapweteke msana ndi kuwerama.

4. Nanga ife amene tilibe sinki?

Tisadzione ngati otsalira. Mabeseni awiri ndi thandala lolimba zimagwira ntchito yomweyo. Thandala likhale lalitali, loti mbuzi, agalu ndi nkhuku zisafikire, ndipo likhale padzuwa. Dzuwa la kuno ndi mphatso: limaumitsa mbale msanga kuposa kansalu kopukutira komwe kamangosamutsa litsiro. Pansi pa thandala tikumbe kadzenje ka miyala. M'nyengo ya kolera tizithira klorini m'madzi monga momwe alangizi a zaumoyo amatiuzira.

Pa Deuteronomo 23 Mulungu analamula Aisraeli kuti pamsasa pawo pazikhala paukhondo chifukwa Iye amayenda pakati pawo. Ife a Mothers' Union tinalonjeza kusamala banja, ndipo kusamalako kumafika mpaka kuseri kwa khitchini.

Mafunso okambirana

(a) Madzi otsukira mbale timataya kuti kwathu?
(b) Ndi mayi uti wokalamba kapena wodwala m'dera lathu amene tingamumangire thandala mwezi uno?
(c) Nanga pa khitchini ya tchalitchi chathu pali dzenje lomwera madzi?

Pemphero

Atate, mwatipatsa madzi ndi manja ogwirira ntchito. Tipatseninso nzeru zosamalira makomo athu, kuti ana athu ndi alendo athu adye mosaopa matenda. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.