Amalume akatenga ndalama m'kabokosi, ndilembe pati?

Wandilembera mtsikana wina wa ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa. Amagulitsa m'sitolo ya amalume ake m'mbali mwa msewu wa Great East, chapafupi ndi akasupe a madzi otentha. Akuti: "Ndinamaliza Giredi 12, ndiye amalume andipatsa ntchito yosunga mabuku a sitolo. Ndalama yogulira pulogalamu yowerengera ndalama palibe. Kodi ilipo yaulere? Chinanso, mwezi ukatha ndalama sizigwirizana ndi katundu amene watuluka. Ndikuopa kuti adzati ndikuba ndine."

Mwanawe, yaulere ilipo, ndipo si imodzi. Ngati pakhomopo pali laputopu, ikapo GnuCash. Salipiritsa kanthu, ndipo ukangoitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti. Imadziwanso kwacha yathu. Masiku oyamba imazunguza mutu chifukwa ndalama iliyonse imafuna uilembe mbali ziwiri, kumene yachokera ndi kumene yapita, koma ubwino wake wagona pomwepo. Ina ndi Manager, imene mtundu wake woika pa kompyuta ndi waulere ndipo imatulutsa mainvoisi. HomeBank ndi ya ndalama za pakhomo, pa sitolo ingakuchepere. Ngati uli ndi foni yokha, yesa Money Manager Ex, kapena udzipangire wekha tebulo mu Google Sheets. Ukamafufuza uona ambiri akutama Wave. Usataye mabando ako, imeneyo tsopano imatumikira a ku United States ndi Canada basi.

Ndikuumirira za kugwira ntchito popanda intaneti chifukwa tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumathima tsiku lonse. Pulogalamu yodalira netiweki imakusiya manja ali m'khosi wogula ataima pakauntala. Ndipo ukaona pulogalamu ya pafoni ikupempha kuona manambala a anzako ndi mauthenga ako, ichotse msanga. Yowerengera shuga ndi sopo ilibe nazo ntchito zimenezo.

Koma nkhani yandigwira mtima ndi yachiwiriyo. Pulogalamu imawerenga zokhazo zimene waiuza. Ndikukhulupirira kuti m'sitolo mwanumo simukulowa mbala ayi. Ndalama zikutuluka masana, aliyense akuona, koma palibe akulemba.

Ndalama ya sitolo imakhala m'matumba angapo, ndipo thumba lililonse ulitsegulire tsamba lake. Pali ya m'kabokosi. Pali ya pa Airtel Money ndi ya pa MTN, iliyonse payokha, ndipo kamene amadula potumiza kapena potapa uzikalembanso, chifukwa tingwee timeneti pakutha pa mwezi timakhala titaunjikana. Pali ngongole: aphunzitsi odikira malipiro, alimi odikira ndalama ya chimanga ku bungwe logula mbewu la FRA, wootcha makala amene akuti abweza lole ikabwera kudzanyamula matumba. Ngongole uziilemba tsiku lomwelo katundu watuluka, ndi dzina ndi tsiku lolonjeza kubweza. Pali katundu wa pashelefu, amene mtengo wake weniweni ndi wa ku Kamwala kuphatikiza thiransipoti yomufikitsa ku Chinyunyu. Ambiri amaiwala thiransipotiyo, n'kumasangalala ndi phindu loti kulibe.

Thumba lotsiriza ndi la amalume. Mamawa atenga K200 ya mafuta a njinga yamoto. Masana azakhali atuma mwana kudzatenga botolo la saladi ndi mchere. Loweruka kwagwa maliro, atapa ya chipepeso. Pakutha pa mwezi atenga ya chilimba. Palibe cholakwa pamenepa, sitolo ndi yawo ndipo anaitsegulira zomwezo. Koma zikapanda kulembedwa, dzenje limene zasiya limatsala m'dzina la amene amakhala pakauntala, ndipo ameneyo ndiwe. Mu GnuCash kapena mu tebulo lako tsegula tsamba lakuti "Zotenga eni sitolo". Katundu wopita kukhitchini uzimulemba pa mtengo woodera.

Tsono kuwauza kwake. Usayambe nkhaniyi pamaso pa ogula, usayambenso tsiku limene ndalama zaperewera, chifukwa idzamveka ngati ukudzitchinjiriza. Dikira tsiku la mtendere, makamaka akamakonzekera ulendo wokaoda ku Lusaka. Ukhale pansi monga mwa ulemu wathu, unene kuti: "Malume, zonse za muno ndi zanu, sindingakuletseni kanthu. Ndikungopempha kuti mukatenga muzindiuza ndilembe, kuti popita kukaoda muzidziwa ndalama yeniyeni imene ilipo." Mawu akuti kuperewera kapena kusowa usawatchule n'komwe. Ngati pakamwa pakulemera, yambira kwa azakhali. Nthawi zambiri iwo ndi amene amadziwa bwino kumene ndalama ya pakhomo imalowera.

Akakayika, akumbutse za ZRA, bungwe lotolera misonkho. Bizinesi yaing'ono yokhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN imakhoma msonkho wowerengedwa pa zonse zimene yagulitsa, osati pa phindu, ndiye mwini wake amafunika kudziwa malonda a mwezi uliwonse. Ngakhale popempha ngongole kubanki kapena ku gulu la banki ya m'mudzi, wa mabuku oyera amamvedwa msanga. Bola asafike potenga ngongole ya kaloba chifukwa chosadziwa pamene ndalama ikudonthera.

Ukhalenso ndi kope lachikuto cholimba. Masana uzilemba m'kope ndi bolopeni, madzulo uzisamutsira mu pulogalamu. Foni imabedwa, laputopu imafa, choncho Lamlungu lililonse uzikopera fayilo pa fulashi ndi kuisunga kunyumba, osati m'sitolo.

Chimene chidzakutchinjirize kwambiri n'chaching'ono. Potseka sitolo muziwerenga ndalama ya m'kabokosi muli awiri, iwe ndi amalume kapena amene iwo amukhulupirira, muone ngati ikufanana ndi imene pulogalamu ikunena. Ikasiyana, ngakhale ndi K5, lembani kusiyanako pa tsamba la tsikulo, nonse musayine. Uchite zimenezi mwezi wathunthu, kenako undilemberenso undiuze kuti tsamba la "Zotenga eni sitolo" lafika pa zingati.