Kapu Yanu Imalemera Magalamu Angati a Mpunga?

Pakhomo pathu ambirife timayeza mpunga ndi maso: makapu awiri mumphika, madzi afike pa mfundo yoyamba ya chala, basi. Zimayenda bwino mpaka tsiku la chinkhoswe, kapena tsiku lomwe mwatenga kaphikidwe m'buku lakunja. Pamenepo m'pamene mumazindikira kuti makapu sali ofanana. Ya ku America imalowa mamililita pafupifupi 240, ya ku South Africa 250, pomwe kakapu kobwera ndi poto wamagetsi wophikira mpunga kamalowa 180 okha, muyezo wa ku Japan. Nanga yapulasitiki yomwera tiyi ija, ndani anaiyezapo?

Sikelo imathetsa mkanganowu. Kapu ya mamililita 240 yodzaza mpunga wautali wosaphika, mutasalaza pamwamba ndi mpeni, imalemera magalamu pafupifupi 185. Mpunga waufupi wonenepa umathithikana, ndiye umafika cha m'ma 200. Kakapu ka poto wamagetsi ndi magalamu pafupifupi 150. Choncho kilogalamu imodzi ya mpunga wautali ndi makapu asanu ndi theka, kuchepera pang'ono.

Madzi savuta: mililita imodzi imalemera galamu limodzi. Koma apa m'pamene ambiri amapunthwa, ndipo ndikufuna mumvetsetse. Lamulo lija lakuti kapu imodzi ya mpunga ipite ndi makapu awiri a madzi ndi la makapu, si la sikelo. Makapu awiri a madzi ndi magalamu 480, pomwe mpunga ndi 185. Pasikelo, madziwo akuposa mpunga kawiri ndi theka. Mukangowirikiza 185 kawiri n'kuthira magalamu 370, madzi aperewera ndi magalamu oposa 100, ndipo pamoto wa makala mpungawo ukhoza kupserera pansi pamwamba usanapse.

Yezani mpunga musanautsuke. Wotsuka umamwa madzi n'kulemera, ndiye sikelo ikunamizani. Sankhani timiyala, petani, yezani, kenako tsukani.

Supuni ya tiyi ya mchere wosalala ndi magalamu pafupifupi 6, supuni yaikulu ya mafuta ophikira pafupifupi 14. Mchere wamibulu ndiye umafunikiradi sikelo, chifukwa pasupuni umasiya mipata.

Pophikira gulu, ine ndimawerengera magalamu 100 pa munthu wamkulu, ndiye anthu 50 ndi makilogalamu 5. Muyezo uja wa kawiri ndi theka ukupereka malita 12 ndi theka a madzi, koma musawathire onse nthawi imodzi. Mumphika waukulu wovundikira bwino, gawo la madzi lothawa ngati nthunzi limachepa, ndipo mpunga ungasanduke phala alendo ali pamphasa. Yambani ndi malita 10, madzi ena otentha akhale pambali pa mbaula.

Ngati mulibe sikelo, musadandaule. Tengani kapu yanu ya masiku onse ndi Kilombero wanu wa ku Karonga, mupite kwa wogulitsa amene ali ndi sikelo yosonyeza manambala. Ayeze kapu yopanda kanthu, ayezenso yodzaza, muchotsere. Chitaninso chimodzimodzi ndi madzi. Manambala awiriwo muwalembe pakapepala, mumate kuseri kwa chitseko cha kabati. Mukadzasintha mtundu wa mpunga, kaya mwagula Faya, mudzapitenso ndi kapu yomweyo.